Lenzi iti ingajambule phanga lonse? Masamu a kamera yakale pa Mphunzi

Amene mumakhala mbali ya kuno ku Lobi mukulidziwa phiri la Mphunzi. M'mapanga ndi pansi pa miyala yake ikuluikulu muli zojambula zakale, zina zofiira, zina zoyera. Malowa ndi gawo la dera la Chongoni, lomwe lili ndi malo 127 a zojambula za pamiyala, ndipo bungwe la UNESCO linaika derali pa mndandanda wa malo ofunika kutetezedwa padziko lonse mu 2006. Akatswiri amati zofiirazo zinajambulidwa ndi Akafula, alenje amene ankakhala kuno kalekale, pomwe zoyera zambiri ndi za Achewa ndipo zimakhudza chinamwali ndi gule wamkulu.

Zojambulazi sizikhala mpaka kale. Madzi amayenderera pamwala, utsi wa moto umadetsa, ndipo pali anthu ena osaganiza amene amalembapo maina awo ndi makala. N'chifukwa chake chithunzi chojambulidwa bwino ndi chinthu chamtengo wapatali, chifukwa chimasunga mmene mwalawo unkaonekera tsiku limenelo. Koma pali vuto limene aliyense wojambula m'phanga amakumana nalo. Malo oima ndi ochepa. Kutsogolo kuli khoma lalikulu, kumbuyo kuli mwala wina kapena potsetsereka, ndiye kubwerera m'mbuyo kuti zonse zilowe m'chithunzi sikutheka.

Lero ndikufuna tithane ndi vutoli pogwiritsa ntchito kamera yakale ya filimu, ya mtundu umene amautcha rangefinder. Mwina mukuti, nanga bwanji osangotenga foni? Foni imajambula ndithu, koma imabisa fizikisi yonse m'kati mwake. Pa kamera yakale chilichonse chili poyera, manambala analembedwa pa lenzi penipeni. Komanso mpukutu wa filimu umangopatsa zithunzi 24 kapena 36 basi, ndipo lenzi yakale ukagula yolakwika, ndalama zapita. Choncho munthu amayamba wawerengera asanagule, ndipo masamu ake ndi omwe aja mumaphunzira pokonzekera MSCE.

Nambala yolembedwa pa lenzi

Pa lenzi iliyonse pali nambala monga 50mm, 35mm kapena 28mm. Imeneyi ndiyo focal length, ija mumailemba ndi f m'kalasi. Kuwala kochokera kutali kwambiri, tinene ku phiri la Dedza, kukadutsa mu lenzi kumakasonkhana pa mtunda wa f kuseri kwake, ndipo filimu iyenera kukhala pomwepo kuti phirilo lioneke bwino.

Chithunzi chimodzi pa filimu wamba chimatenga malo a mamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi. Muyeso umenewu unatchuka ndi kamera ya Leica, yomwe anakonza Oskar Barnack ku Wetzlar m'dziko la Germany, ndipo inayamba kugulitsidwa mu 1925. Filimuyo sikula kapena kuchepa mukasintha lenzi. Chimene chimasintha ndi mtunda wa pakati pa lenzi ndi filimu, ndipo chinsinsi chonse chagona pamenepa.

Taganizirani muli m'nyumba ndipo mukuyang'ana panja kudzera pa zenera. Mukaima patali ndi zenera mumangoona mtengo umodzi. Mukasendera pafupi mumaona mtengowo, khola, msewu ndi dimba la kachewere kutsidya. Zenera ndi lomwelo, koma kuyandikira kwakupatsani malo ambiri. Lenzi ya f yaifupi ili ngati munthu woima pafupi ndi zenera. Kuchoka kumanzere kufika kumanja, lenzi ya 50mm imaona madigiri pafupifupi 40, ya 35mm madigiri 54, ya 28mm madigiri 65, pomwe ya 21mm imafika 81. Malenzi a 35mm kupita m'munsi ndiwo amatchedwa wide-angle.

Tiyeze phanga

Jambulani pa pepala mizere iwiri yopingasana pakati pa lenzi. Kutsogolo mupeza triangle yaikulu, yomwe tsinde lake ndi khoma la phanga. Kumbuyo mupeza yaing'ono, yomwe tsinde lake ndi filimu ya mamilimita 36. Awa ndi similar triangles, ndiye tikhoza kulemba kuti W ÷ d = 36 ÷ f, pomwe W ndi kukula kwa khoma limene lilowe m'chithunzi ndipo d ndi mtunda kuchoka pa kamera kufika pakhomalo.

Wina wochenjera afunsa kuti, kodi kumbuyoko si v, image distance? N'zoona. Koma tayesani 1/f = 1/u + 1/v ndi f ya 28mm ndi u ya mamilimita 3000. Mupeza kuti v ndi mamilimita 28.3. Kusiyana kwake n'kochepa zedi, ndiye pa ntchito yathu f ikukwanira.

Tiyerekeze kuti zojambula zatenga mamita 4 pakhoma, ndipo inu simungabwerere m'mbuyo kupitirira mamita 3 ndi pang'ono. Mukaima pa mamita 3, lenzi iliyonse ikupatsani izi:

50mm: mamita 2.2
35mm: mamita 3.1
28mm: mamita 3.9
21mm: mamita 5.1

Ya 50mm yangotenga theka ndi pang'ono, ndipo kuti itenge zonse muyenera kuima pa mamita 5.6, komwe kulibe poponda. Ya 35mm ikufuna mamita 3.9. Ya 28mm yatsala pang'ono kukwanitsa, ndipo mukasunthira m'mbuyo phazi limodzi lokha, kufika pa mamita 3.2, khoma lonse lalowa. Ya 21mm yatenga zonse n'kutsala malo. Ndiye tingothamangira ya 21mm, eti? Dikirani kaye, tione mmene kamerayi imagwirira ntchito.

Maso awiri a rangefinder

Tambasulani dzanja, imikani chala chachikulu, tsinzinani diso lamanzere, kenako lamanja. Chalacho chikuoneka ngati chikudumpha. Chibweretseni pafupi ndi mphuno, chidumpha kwambiri. Maso anu ali pa malo awiri osiyana, ndipo ubongo umagwiritsa ntchito kusiyana kumeneku podziwa kutalika kwa chinthu.

Kamera ya rangefinder ili ndi timazenera tiwiri kutsogolo kwake, totalikirana masentimita ochepa. Mukasuzumira mumaona zithunzi ziwiri za chinthu chimodzi pakati penipeni. Mukamazunguza lenzi, kachitsulo kena m'kati kamasuntha kagalasi, ndipo zithunzi ziwirizo zikagwirizana n'kukhala chimodzi, ndiye kuti lenzi yafika pa mtunda woyenera. Pa Leica M3 ya mu 1954 timazenerato tinatalikirana pafupifupi masentimita 7. Chinthu chikakhala pa mamita 3, mizere yochoka pa timazenera tiwirito imakumana pa ngodya ya madigiri 1.3 okha, ndipo kamera imayeza kangodya kameneko. Leica inaika chipangizochi m'kati mwa kamera mu 1932, chaka chomwenso kampani ya Zeiss Ikon inatulutsa Contax.

Gwirani mfundo iyi, chifukwa zonse zotsatira zikuchokera apa: pa rangefinder diso lanu siliyang'anira mu lenzi yojambulira. Lili ndi kazenera kakekake.

Chifukwa chake malenzi akale a wide-angle anakula pa rangefinder

Pa makamera ena a filimu, otchedwa SLR, munthu amaonera mu lenzi yeniyeniyo. Kuti zimenezi zitheke, pakati pa lenzi ndi filimu pali kalilole amene amatembenuzira kuwala m'diso, n'kudumphira m'mwamba nthawi yojambula. Kaliloleyo amafuna malo. Pa Nikon F ya mu 1959, kuchoka pomangira lenzi kufika pa filimu pali mamilimita 46.5. Nanga lenzi ya 21mm, yomwe mwachibadwa imafuna kukhala pafupi kwambiri ndi filimu, ikhala pati? Lenzi yoyamba ya 21mm ya kamera imeneyi inkafuna kuti muyambe mwakweza kaliloleyo n'kumutsekera m'mwamba, apo ayi agundana.

Rangefinder ilibe kalilole wotere. Pa Leica zakale za mazinga mtundawo ndi mamilimita 28.8, ndipo galasi lakumbuyo la lenzi limatha kulowa m'kati mwa kamera mpaka kutsala pang'ono kufika pa filimu. Izi zinapatsa ufulu okonza malenzi. Ankatha kuika magalasi ofanana kutsogolo ndi kumbuyo kwa kabowo kolowera kuwala, kotero kuti kukhota kumene magalasi akutsogolo abweretsa, akumbuyo amakuwongola. Zotsatira zake, mzere woongoka pakhoma umakhalabe woongoka pachithunzi, ndipo lenziyo imakhala yaing'ono yokwana m'thumba. Ludwig Bertele anakonza Biogon ya 35mm ya kamera za Contax m'zaka za m'ma 1930, ndipo Biogon ya 21mm inatuluka mu 1954. Ku Soviet Union anatengera Biogon yoyamba ija n'kupanga Jupiter-12, ya 35mm f/2.8, yomwe ilipobe yambiri mpaka lero. Makamera a SLR anapulumukira ku nzeru ina, ya Pierre Angénieux wa ku France, amene mu 1950 anatulutsa lenzi yokhala ndi galasi lalikulu lomwaza kuwala kutsogolo, kuti lenzi yonse ikhale patali ndi filimu.

Zimene mumalipira posankha lenzi yotambalala kwambiri

Choyamba, malire a chithunzi. Popeza simukuonera mu lenzi, kamera imakuonetsani timizere towala m'kazenera, tosonyeza pomwe chithunzi chithere. Koma kamera iliyonse ili ndi timizere ta malenzi ochepa okha. Leica M3 ili ndi ta 50, 90 ndi 135mm, moti malenzi ena a 35mm ankabwera ndi timagalasi tapadera tokhala kutsogolo kwa timazenera. Leica M2 ili ndi ta 35, 50 ndi 90mm. Canon P ili ndi ta 35, 50 ndi 100mm. Zorki-4 imangoonetsa zimene lenzi ya 50mm ikuona. Pa makamera onsewa, mukagula lenzi ya 28mm kapena 21mm muyenera kugulanso kazenera kapadera komanga pamwamba pa kamera. Mukatero mumayeza mtunda m'kazenera kamodzi, n'kusamutsira diso ku kena kuti muone malire.

Chachiwiri, kudumpha kwa chala kuja kwabweranso, ndipo dzina lake ndi parallax. Kazenera kali pamwamba pa lenzi ndi masentimita angapo, ndiye zimene diso likuona ndi zimene filimu ikulandira zasiyana ndi masentimita omwewo. Pa khoma la mamita 4 zimenezi sizivuta. Koma mukasendera pa mita imodzi kuti mujambule kanyama kamodzi koyera, mutha kudula mutu wake osadziwa. Siyani malo m'mbali.

Chachitatu, m'ngodya mumada. Kuwala kopita m'ngodya za filimu kumayenda mtunda wautali, kumadutsa pa kabowo cham'mbali, ndiponso kumagwera pa filimu mopendekera. Pa lenzi yosavuta, kuwala kumachepa motsatira cos θ yochulukitsidwa yokha kanayi, pomwe θ ndi ngodya yochoka pakati. Kuchoka pakati pa chithunzi kufika m'ngodya ndi mamilimita 21.6. Tengani calculator muone: pa 35mm θ ndi madigiri 32, ndipo m'ngodya mumafika theka la kuwala kwa pakati. Pa 28mm mumafika magawo 4 mwa 10. Pa 21mm θ ndi madigiri 46, ndipo mumangofika gawo limodzi mwa magawo anayi. Katswiri wa ku Soviet Union, Mikhail Rusinov, anapeza kakonzedwe kochepetsa vutoli, komwe kali mu lenzi ya Russar ya 20mm, koma silinatheretu. Zojambula zofiira zimene zafufutika kale zikagwera m'ngodya yakuda, mwazitaya.

Chachinayi, zinthu za m'mbali zimatamuka. Mpira wokhala m'ngodya ya chithunzi cha 21mm umaoneka ngati dzira. Komanso mukapendeketsa kamera kuyang'ana m'mwamba, mizere yoimirira imaoneka ngati ikukakumana kumwamba. Pa zojambula za pamwala wosalala mankhwala ake ndi osavuta: kumbuyo kwa kamera kukhale kolingana ndi khoma, osapendekera uku kapena uku. Koma mwala wa m'phanga ndi wokhotakhota, ndipo lenzi ikatambalala kwambiri mbali zoyandikira kamera zimakula mopitirira muyeso.

Chachisanu, kukula kwa chinthu pa filimu. Magnification ndi v ÷ u. Kanyama ka masentimita 30 pa mamita 3 kamatenga mamilimita 2.8 pa filimu ndi lenzi ya 28mm, koma 2.1 okha ndi ya 21mm. Malo otsala aja munawasangalalira ndi filimu yowonongeka pojambula dothi ndi denga.

Mphatso ya lenzi yaifupi

Si zonse zoipa ayi. Pa lenzi palinso manambala ena: 2.8, 4, 5.6, 8, 11, 16. Nambala imeneyi ndi f yogawidwa ndi kukula kwa kabowo, moti 28mm pa f/8 ndiye kuti kabowo ndi ka mamilimita 3.5. Mukachoka pa nambala imodzi kupita pa yotsatira, kuwala kumachepa ndi theka. Kabowo kakachepa, zinthu za pafupi ndi za patali zimaoneka bwino nthawi imodzi, ndipo lenzi yaifupi ndiyo imapindula kwambiri. Pa f/8, lenzi ya 28mm yoikidwa pa mamita 3.3 imaonetsa bwino chilichonse kuyambira mamita 1.6 mpaka kumapiri. Ya 50mm kuti ichite zomwezo muyenera kuiika pa mamita 10, ndipo zoyandikira kuposa mamita 5 zikhala mbuu. M'phanga lokhotakhota zimenezi n'zothandiza kwambiri.

Vuto n'lakuti pansi pa mwala pali mthunzi, ndipo kabowo kakang'ono kamafuna nthawi yaitali. Ojambula ali ndi lamulo lapakamwa lakuti kamera ikakhala m'manja, nthawi isapitirire 1 ÷ f ya sekondi. Pa 28mm ndiye 1/30, pa 50mm ndiye 1/60. Apanso lenzi yaifupi yakupatsani mpata. Kuwala kukachepabe, khazikani kamera pa choimikira cha miyendo itatu kapena pa chikwama.

Musanapereke ndalama

Yambani ndi pomangira. Leica zakale, FED ya ku Kharkiv, Zorki ya ku Krasnogorsk ndi Canon zakale za rangefinder zili ndi mazinga ngati a bawuti, a mamilimita 39, otchedwa M39. Leica M zili ndi pomangira pongotembenuza pang'ono, ndipo mtunda wake ndi mamilimita 27.8, wochepa ndi milimita imodzi. Ndiye lenzi ya mazinga imakwana pa Leica M ndi adaputa ya milimita imodzi, koma lenzi ya M siingakwane pa kamera ya mazinga. Contax ndi Kiev zili ndi pomangira pawo posiyana, ndipo Jupiter-12 inapangidwa ya mitundu iwiri, ya M39 ndi ya Kiev, choncho funsani kuti ndi iti. Chenjeraninso ndi malenzi a Zenit zoyambirira. Mazinga ake ndi a 39 omwewo ndipo amalowa bwinobwino pa Zorki, koma anakonzera SLR ya kalilole, ndiye zithunzi zonse zituluka mbuu.

Kenako yang'anani kumbuyo. Galasi lakumbuyo la Jupiter-12 linatuluka kwambiri, ndipo pa makamera okhala ndi kamkono koyezera kuwala m'kati, monga Leica M5 ndi Leica CL, likhoza kugunda kamkonoko. Lowetsani pang'onopang'ono, ikalimba musakakamize.

Tsegulani kabowo konse, walitsani tochi ya foni kumbuyo, n'kuyang'ana cham'mbali. Tifumbi tochepa si nkhani. Koma mukaona timizere tonga ukonde wa kangaude, ameneyo ndi chuku, ndipo akakhalitsa amadya galasi. Kuno kwathu kwa nkhungu ndi mvula yambiri chuku amakula msanga, choncho lenzi musamaisunge m'chikopa pansi pa sutukesi. Isungeni pouma, podutsa mpweya.

Onaninso ngati galasi likunyezimira mwa buluu kapena pepo. Mtunduwo ukusonyeza kuti linakutidwa ndi kachikuto kopyapyala kochepetsa kubwerera kwa kuwala, nzeru imene Alexander Smakula anapeza ku Zeiss mu 1935. Galasi losakutidwa limabweza pafupifupi 4 peresenti ya kuwala pa nkhope iliyonse. Lenzi ya magalasi anayi osagundana ili ndi nkhope 8, ndipo 0.96 yochulukitsidwa yokha ka 8 ndi 0.72. Kuwala kotayikako sikungosowa, kwina kumamwazikira pa filimu ngati utsi. Thambo lowala la pakhomo pa phanga likalowa mu lenzi yotere, zofiira zofooka zija zimazimiririka. Sankhani yokutidwa, ndipo itchinjirizeni ku dzuwa.

Ndiye tisankhe iti?

Pa phanga lathu la mamita 4 ine ndingatenge 28mm, pamodzi ndi kazenera kake kapadera. Ndiyo yaitali kwambiri mwa malenzi amene angakwanitse khoma lonse kuchoka pamene ndingathe kuima. Lamulo langa ndi limeneli: yezani malo, werengerani f = d × 36 ÷ W, ndipo tengani lenzi yoyandikira yankholo, osatsika kupitirira pamene pakufunika. Malo oima akanafika mamita 4, ndikanatenga 35mm, makamaka pa kamera imene ili kale ndi timizere take.

Mukapita ku Mphunzi kapena ku Chentcherere, pitani ndi wokutsogolerani wa komweko ndipo lemekezani malowo, chifukwa kwa anthu ambiri si malo wamba. Musakhudze zojambula, musazithire madzi kuti ziwale, musazungulize ndi choko. Mnzanu agwire rula pafupi ndi khoma osagunditsa, kuti woona chithunzicho zaka 50 zikubwerazi adzadziwe kukula kwake. Lembani tsiku, lenzi ndi mtunda m'kope.

Amene mulibe kamera yakale, foni ikukwanira poyesa masamuwa. Imani mamita 3 kuchoka pa bolodi ya m'kalasi, foni igone cham'mbali, ndipo anzanu awiri aime pamene chithunzi chikuthera, wina kumanzere wina kumanja. Yezani mtunda wa pakati pawo ndi tepi, imeneyo ndiye W. Werengerani 3 × 36 ÷ W. Mafoni ambiri yankho limagwera chapakati pa 24 ndi 30, kusonyeza kuti mwakhala mukuyenda ndi lenzi ya wide-angle m'thumba. Ngati foniyo ili ndi batani la 0.5x, bwerezani, ndipo muone zimene zichitikire nkhope ya mnzanu woima m'ngodya.